Msongolo unang'aluka chaka chino: chaka chamawa ndilowe marathon kapena ndidikire?

Liwiro_Langa

Moni nonse. Poti chaka chikutha, nanenso ndiike zanga pano monga achitira anzathu ena sabata ino.

Theka loyamba la chaka linandiyendera bwino kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuthamanga. Half marathon, mpikisano wa 21 km, ndinaitsitsa kufika pa 1:14, ndipo pa 10 km miyendo inkangodzinyamula yokha. Nditaona choncho ndinayamba kukonzekera marathon yanga yoyamba, makilomita akuwonjezeka sabata ndi sabata, long run ikutalikiratalikira. Zili mkati, msongolo wakumanzere unayamba kuwawa, cha mkati, pamwamba pang'ono pa kakolo. Poyamba ululu unkabwera kumapeto kwa mtunda n'kuzimirira ndikapuma. Kenako unkayamba ndikangonyamuka, kenako poyenda, mpaka unafika pondidzutsa usiku. Ndikakanikiza ndi chala panali malo amodzi okha, osakula kuposa nsonga ya chala chomwecho, owawa moti ndinkachotsapo dzanja msanga.

X-ray sinaonetse kanthu. MRI ndiyo inaonetsa kuti fupa lachita mng'alu, stress fracture. Ndinakhala miyezi ingapo osathamanga. Ndinayamba ndi ndodo zoyendera, kenako njinga, kenako kuthamanga m'madzi akuya nditamanga lamba woyandamitsa. Panopa ndabwerera pamsewu, ndikuthamanga modekha, ululu palibe.

Zolinga zanga za chaka chamawa ndi izi: half marathon pansi pa 1:13 chaka chisanafike pakati, kenako marathon pansi pa 2:40 chakumapeto. Chondisokoneza n'chakuti mpweya wabwerera msanga kwambiri. Wotchi ikuonetsa kuti mtima ukugunda pang'onopang'ono pa liwiro lomwe kale ndinkapuma nalo mwawefuwefu. Thupi likundiuza kuti ndakonzeka. Ndilimvere? Amene munadutsapo mu zimenezi, ndithandizeni maganizo.

Kanyamata800

Pepani kwambiri achimwene, ndinkadabwa kuti mwasowa. Ine ndikuti limvereni thupilo. 1:14 si masewera, ndipo munthu wa 1:14 akhoza kuswa 2:40 tsiku labwino. Mwataya kale miyezi yambiri, mukadikiranso chaka china anzanu akusiyani kutali. Fupa likapola limakhala lolimba kuposa kale, si choncho?

Physio_wa_Gulu

Achimwene a Liwiro, takulandiraninso pamsewu. Ndiyambe ndi chomwe chikukusokonezanicho, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amavulalira kachiwiri.

Mtima, mapapo ndi magazi zimasintha msanga, kaya potsika kaya pokwera. Kafukufuku wa Edward Coyle wa 1984 anapeza kuti othamanga ozolowera akasiyiratu training, VO2max, kuchuluka kwa mpweya womwe thupi limatha kugwiritsa ntchito likamalimbikira kwambiri, imatsika pafupifupi 7% m'masabata atatu oyamba, n'kudzakhazikika cha pa 16% pansi pakatha masabata asanu ndi atatu. Inu simunasiyiretu, munali pa njinga ndi m'madzi, ndiye n'zosadabwitsa kuti mpweya ulipo. Koma njinga ndi madzi sizimenya fupa. Nthawi yonse ija mtima unkagwira ntchito, msongolo unali patchuthi, ndipo fupa losanyamula katundu limachepa mphamvu.

Fupa limadzikonza mwa njira yakeyake. Mukaliwonjezera ntchito, thupi limayamba ndi kuchotsa fupa lakale pamalo otopawo, ndipo latsopano limabwera pambuyo n'kutenga miyezi kuti liume bwinobwino. Ndiye pamakhala nyengo yomwe fupa limakhala lofooka kuposa mmene linalili musanawonjezere makilomita, chonsecho inu mukumva kuti muli pachimake. N'chifukwa chake mng'alu wotere kawirikawiri umaonekera patapita masabata angapo munthu atakweza training, osati tsiku lomwelo.

Kanyamata800, mawu akuti fupa likapola limaposa kale musawadalire. Chodziwika bwino n'chakuti munthu amene anachitapo stress fracture ali pa chiopsezo chachikulu chochitanso ina, pamalo omwewo kapena ena.

Funso kwa inu a Liwiro: adokotala anati mng'alu uli mbali iti ya fupa, yakutsogolo kapena cha mkati chakumbuyo?

Liwiro_Langa

Cha mkati chakumbuyo. Anati ndachita mwayi kuti si kutsogolo, koma sanafotokoze zambiri.

Physio_wa_Gulu

Ananena zoona. Mbali ya mkati chakumbuyo imapanikizika mukamaponda, ndipo imapola bwino mukangoipumitsa. Kutsogolo kwa msongolo fupa limakokeka m'malo mopanikizika, magazi amafikako ochepa, ndiye mng'alu wake umachedwa kupola ndipo nthawi zina umafuna opaleshoni. Malo ena oopsa chimodzimodzi ndi kafupa ka navicular pamwamba pa phazi, khosi la fupa la ntchafu m'chiuno, ndi tsinde la fupa la chala chaching'ono chakuphazi. Aliyense pagulu pano akamva ululu wa pamalo amodzi m'malo amenewa asayese n'komwe kuthamanga nawo. Ndipo X-ray ikanena kuti palibe kanthu m'masabata awiri kapena atatu oyamba, sizitanthauza kuti palibedi, monga zinachitikira kwa achimwenewa.

Chemwali_5000m

Achimwene, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ine zinandichitikira pa phazi. Ndikufunseni chinthu chomwe ine palibe anandifunsa pa nthawi yake: pomwe munkakweza makilomita, chakudya munakweza nacho? Nanga sikelo inkati bwanji?

Ndikufunsa chifukwa ife akazi timachenjezedwa msambo ukasiya kubwera, ngakhale kuti ambiri timakhala chete poganiza kuti ndi mmene zimakhalira kwa wothamanga. Si mmene ziyenera kukhalira. Thupi likamalandira mphamvu zochepa kuposa zomwe likuwononga, limayamba kutseka ntchito zina kuti lisunge moyo, ndipo mahomoni ndi kumanga mafupa zili m'gulu la zoyamba kutsekedwa. Mu 2014 International Olympic Committee inatulutsa chikalata chotcha vutoli RED-S, ndipo inanena momveka kuti limagwiranso amuna. Kwa inu amuna chizindikiro sichioneka poyera ngati chathu. Chimakhala kutopa kosatha, kumva kuzizira, tulo tosagwira, chimfine chobwerezabwereza, kupsa mtima msanga, chilakolako cha m'banja kuchepa.

Ine ndinachira nditayamba kudya ndisanapite kothamanga m'mawa komanso ndikangobwerako, osadikira masana. Ndinayezetsanso vitamin D ndi iron. Thupi linawonjezeka pang'ono, ndipo ndinada nkhawa kuti liwiro lapita, koma 5000 m yanga yabwino kwambiri ndinaithamanga pambuyo pake, ndili wolemererako kuposa kale. Musanaike nambala ya 2:40 papepala, onani kaye mbali imeneyi.

Liwiro_Langa

Zikomo achemwali. Sikelo inatsikadi nthawi imeneyo, ndipo anzanga ankandiyamikira kuti ndaoneka wokonzeka mpikisano. Long run zambiri ndinkanyamuka m'mimba mulibe kanthu. Magazi sindinayezetsepo, ndipita mwezi ukubwerawu.

Kochi_Wakale

Ndawerenga zonse. Mwana wanga Liwiro, ndikuyankha mosabisa chifukwa luso uli nalo ndipo ndikufuna ndidzakuone ukuthamanga zaka khumi zikubwerazi.

Marathon chaka chamawa, ine ndikuti ayi. Chifukwa changa si mpikisano weniweniwo. Makilomita 42.195 a tsiku limodzi ukhoza kuwapirira. Chondiopsa ndi miyezi inayi yokonzekera, yomwe imafuna makilomita ochuluka sabata iliyonse ndi long run za 30 km kapena kuposa, zina mwa izo pa liwiro la mpikisano, pa phula. Imeneyi ndiyo ntchito yomwe inakuthyola, ndipo ukufuna kuibwerera ndi mwendo womwe wangochoka pa ndodo.

2:40 ndi pafupifupi 3:47 pa kilomita. Liwiro limenelo uli nalo kale, popeza 1:14 pa half ndi cha pa 3:30. Chomwe ulibe ndi chaka chathunthu cha miyendo yosadukiza. Chimenecho sichigulidwa ndi session yolimba iliyonse, chimangobwera ndi masabata otsatizana omwe sunaphonye chifukwa cha kuvulala.

Tayang'ana zomwe zinachitika pa marathon ya Olimpiki ku Beijing mu 2008. Paula Radcliffe, katswiri amene anamaliza marathon ya ku London ya 2003 mu 2:15:25, anapezeka ndi stress fracture pa fupa la ntchafu patatsala miyezi yochepa. Anachita zonse zotheka kuti asunge mpweya osamenya mwendo pansi, ali ndi madokotala ndi zipangizo zomwe ife tilibe, n'kukaima pa mzere woyambira. Anamaliza pa nambala 23, akuvutika ndi ululu. Mtima wake unali wa katswiri wa dziko lonse, koma miyendo inalibe makilomita a pamsewu. Mu mpikisano womwewo Deena Kastor anatuluka cha pa 5 km phazi litathyoka. Iwo anali ndi chifukwa chodziikira pa chiswe, Olimpiki imabwera kamodzi pa zaka zinayi. Iwe marathon ilipo chaka chilichonse.

Ndikanakhala ine ndikukulembera pulogalamu, miyezi itatu yoyamba sikanakhala ndi mpikisano uliwonse. Kuthamanga modekha, tsiku lopuma pakati poyamba, ndipo ukamawonjezera uwonjezere chinthu chimodzi pa nthawi: kaya masiku, kaya mtunda, kaya liwiro, osati ziwiri pamodzi. Liwiro libwere lomaliza. Sabata yachinayi iliyonse utsitse makilomita. Pakati pa chaka 5 km ndi 10 km. Half marathon imodzi yokha yoikirapo mtima chakumapeto, ndipo 1:13 yakoyo uikankhire kumeneko.

Kanyamata800

A Kochi, ndi ulemu wonse, kodi pamenepa sitikumuchititsa mantha munthu? Akatsatira lamulo losawonjezera makilomita kuposa 10% pa sabata, pofika pakati pa chaka akhala atabwerera pa makilomita ake akale bwinobwino. Chovuta n'chiyani?

Kochi_Wakale

Lamulo la 10% ndi lothandiza kukumbutsa munthu kuti asalumphe, koma si chishango. Ku Groningen, ku Netherlands, analiyesa mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2008, pa anthu ongoyamba kumene kuthamanga. Gulu lina linatsatira 10%, lina pulogalamu wamba, ndipo ovulala anali pafupifupi ofanana m'magulu onse awiri. Komanso tachita masamu: ukamawonjezera 10% sabata iliyonse osapumira, makilomita amawirikiza kawiri pasanathe miyezi iwiri. Fupa silingathamange liwiro limenelo. Lamuloli silinenanso kanthu za zitunda, phula, nsapato, tulo kapena liwiro, chonsecho zonsezi ndi katundu pa msongolo.

Sindikumuopseza. Ndikumuuza kuti cholinga chake cha chaka chamawa chikhale chachikulu kuposa nambala ya pa wotchi.

Gogo_Marathon

Ana anga, ndilowepo pang'ono, ngakhale liwiro langa masiku ano silikufika pa la inu.

Ndikugwirizana ndi a Kochi pa nkhani ya marathon, koma ndikusiyana nawo pa miyezi itatu yopanda mpikisano. Wothamanga amene anazolowera kupikisana ukamulanda mpikisano kwa nthawi yaitali, amayamba kupikisana pa training. Ndaziona kambirimbiri. Tsiku lofunika kuthamanga modekha akumana ndi mnzake pamsewu, basi zasanduka mpikisano wa mwakachetechete, aliyense akunamizira kuti sakuwefuka. Bola kumupatsa ka 5 km kamodzi pa nthawi, kodziwika tsiku lake, kuti njala ya mpikisanoyo ikhale ndi kolowera.

Chinanso chomwe sitinachitchule ndi mutu. Munthu ukabwerera kuchoka ku kuvulala kotere, ululu uliwonse waung'ono umakuimitsa mtima. Ine nditachira mtsempha wa kuchidendene, ndinkadzuka m'mawa n'kukhala kaye pamphepete pa bedi, kuopa kuponda pansi, kumvetsera mwendo ngati mmene mayi amamvetserera mpweya wa khanda logona. Mantha amenewo amatha pang'onopang'ono, ndipo chomwe chinandithandiza ndi kope. Tsiku lililonse ndinkalemba mtunda, mmene ndagonera, ndi ululu kuyambira 0 mpaka 10, pothamanga komanso m'mawa wotsatira. Ukamawerenga masamba akumbuyo umaona wekha kuti zikuyenda, ndipo ngati chinachake chikukwera umachigwira chisanakule. Eliud Kipchoge, katswiri wa marathon wa ku Kenya, amadziwika kuti amalemba training yake yonse m'makope kwa zaka zambirimbiri. Ngati iye amaona kufunika kwake, ife tilekerenji?

Ndipo potchula Kipchoge, anyamata amangoona 2:01:09 ya ku Berlin mu 2022. Saona kuti ku Kaptagat, komwe amachitira training pansi pa mphunzitsi wake Patrick Sang, masiku ambiri amathamanga pa liwiro lomwe kwa iye ndi lochezera. Stephen Seiler atafufuza akatswiri a masewera a mtunda wautali anapeza kuti pafupifupi 80% ya training yawo ndi yofewa. Ife ambiri timakhala pakati, osafewa, osalimba, tsiku ndi tsiku, ndipo mafupa sapeza mpata.

Physio_wa_Gulu

Agogo, kope lija ndi nzeru yabwino, koma ndiikepo chenjezo limodzi lofunika kwambiri kuti anthu asasokoneze. Mtsempha ndi fupa sizitsatira lamulo limodzi. Pa mtsempha wa kuchidendene, ululu wochepa pochita masewera ndi wololedwa, ena amalola mpaka 5 pa 10, bola ukhale utatsika pofika m'mawa wotsatira ndipo usamakwere sabata ndi sabata. Pa fupa lomwe linang'aluka, nambala yololedwa ndi 0. A Liwiro, mukamva ululu pamalo aja pothamanga, mukatha, kapena m'mawa wake, imani, pumani masiku angapo, ndipo mubwerere pa sitepe yam'mbuyo. Musakambirane nawo.

Pa zolimbitsa thupi, musasiye katumba. Minofu ya katumba, makamaka soleus, imanyamula mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kangapo pa sitepe iliyonse, ndipo ikatopa kuponda kwanu kumasintha. Kukwera ndi zala mwendo umodzi, bondo lowongoka komanso lopinda, ndi zolemera zenizeni, kawiri pa sabata. Squat ndi deadlift nazonso. Adokotala akakulolani, onjezerani kudumphadumpha kochepa. Fupa limamva bwino katundu wamfupi, wamphamvu, wobwera kuchokera mbali zosiyanasiyana, ndipo likamenyedwa mofanana kwa nthawi yaitali limasiya kuyankha mpaka litapuma maola angapo. N'chifukwa chake kuthamanga mtunda wautali pakokha sikulimbitsa mafupa monga mmene anthu amaganizira.

Muonenso cadence, kuchuluka kwa masitepe pa mphindi, pa wotchi yanu. Ngati mumaponda kutsogolo kwambiri ndi masitepe ataliatali, kuwonjezera masitepe pa mphindi ndi 5% mpaka 10% kumachepetsa katundu pa mfundo za miyendo. Musathamangire masitepe 180 pa mphindi ngati lamulo, yambirani pomwe muli.

Chemwali_5000m

Nanga nsapato za mpikisano zija zokhala ndi kachipangizo kolimba ka carbon pansi pake? Achimwene, munkavala ziti pa long run?

Liwiro_Langa

Za carbon, pa long run zambiri ndi pa tempo. Zinkandipangitsa kumva ngati miyendo siyikutopa, ndipo tsiku lotsatira ndinkatha kuthamanganso bwinobwino.

Kochi_Wakale

Pamenepo ndi pomwe nsapatozi zimandidetsa nkhawa. Sindikuzida, zimagwiradi ntchito, ndipo n'chifukwa chake bungwe loyang'anira masewera othamanga la World Athletics mu 2020 inaika malire a 40 mm pa kukhuthala kwa pansi pake pa mipikisano ya pamsewu. Koma kale kuwawa kwa minofu ndiko kunkamuuza wothamanga kuti lero upume. Nsapatozi zimachepetsa kuwawako, munthu n'kuwonjezera makilomita ndi liwiro, pamene fupa silinapatsidwe nthawi yowonjezera. Mu 2023 madokotala ena analemba za othamanga asanu omwe anavulala fupa la navicular akugwiritsa ntchito nsapato zoterezi. Anthu asanu si umboni woti nsapato ndiyo inawavulaza, koma ndi chifukwa chokwanira choti munthu wochokera ku mng'alu azisunge za mpikisano ndi session zochepa zozolowera, osati za tsiku ndi tsiku.

Agogo, pa ka 5 km kaja ndavomera. Koma kabwere atatha masabata angapo akuthamanga ola lathunthu popanda ululu, ndipo atayamba kale ma strides, kuthamanga mwaliwiro timitunda tifupitifupi, pa udzu.

Liwiro_Langa

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndimayembekezera. Kunena zoona, kusiya marathon kukundiwawa, chifukwa nthawi yonse ndili m'madzi muja, kuyang'ana khoma la dziwe, chomwe chinkandilimbitsa mtima ndi kuganiza za mzere womalizira wa 42 km. Koma zomwe anena a Physio za fupa lofooka pa nthawi yomwe munthu ukumva kuti uli pachimake zikufanana ndendende ndi mmene zinandichitikira, ndipo panopa ndikumvanso chimodzimodzi.

Ndiye zolinga ndazilembanso motere. Choyamba, chaka chonse osaphonya sabata chifukwa cha kuvulala. Kuyezetsa magazi mwezi ukubwerawu, ndi kudya ndisananyamuke pa long run. Zolemera kawiri pa sabata, ngakhale nyengo ya mipikisano. Ka 5 km a Kochi akadzaloleza, 10 km pakati pa chaka, ndipo half marathon pansi pa 1:13 chakumapeto. Marathon ndiiganiziranso chaka chinacho, ndikaona zomwe kope likunena. A Kochi, ndikutumizirani pulogalamu ya miyezi itatu yoyamba kuti muione ndisanayambe.

Kanyamata800

A Physio, ndifunseko zanga. Ine msongolo wakumanja wakhala ukuwawa chiyambire ma interval a pa track mwezi watha. Ndimangoti ndi shin splints. Koma zomwe anafotokoza achimwene a Liwiro za malo amodzi zandiopsa. Wanga uli kutsogolo kwenikweni kwa fupa, pakati, ndipo ndikadumpha ndi mwendo umenewo wokha ndimamva kubaya. Loweruka ndili ndi mpikisano wa 800 m.

Physio_wa_Gulu

Shin splints imawawa motambalala, kutsatira mphepete ya mkati mwa fupa kwa masentimita asanu kapena kuposa, ndipo kawirikawiri imachepa mukatenthetsa thupi. Zomwe mwafotokozazi ndi zina: malo amodzi, kutsogolo, kubaya podumpha. Sindingakuyezeni pa foni, koma kutsogoloko ndi mbali ija ndinati imachedwa kupola, ndipo spikes, nsapato za misomali zija, pa liwiro la 800 m zikhoza kusandutsa mng'alu kukhala kuthyoka kwenikweni. Loweruka musathamange, ndipo kuyambira lero musadumphenso pofuna kuyesa. Pitani mukaonane ndi dokotala sabata ino, muwauze zonse monga mwalembera pano. X-ray ikapanda kuonetsa kanthu, funsani za MRI.

Kanyamata800

Chabwino, ndamva. Ndiwauza aphunzitsi anga madzulo ano kuti andichotse pa mndandanda wa Loweruka, ndipo kuchipatala ndipita mawa m'mawa.